Mpatuko wa m'Munda mwa a Mbewe

Utsi wa nkhuni zaziwisi ukandilowa m'mphuno, a Mbewe amabwera okha m'maganizo mwanga, ataima pakhomo pa balani yawo ya fodya wa chikopa, maso ali psuu, malaya ada ndi mwaye, akutokosa moto kuti uzingofuka osayaka. Nyumba yawo inali pafupi ndi yathu, m'mudzi mwathu kumunsi kwa Mvera, ndipo chotilekanitsa unali mpanda wa nkhadze basi. M'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke m'mapiri, tinkayamba kumva nkhwangwa yawo, kenaka kutsokomola kwawo, kenaka nyimbo imodzi ya m'buku la mpingo imene ankaiimba motsitsa mawu ngati akukalipira munthu. Bambo anga anakhala ku Joni ubwana wanga wonse. Amene anandiphunzitsa kusema mpini, kusoka fodya ndi kumuyanika pa mikangala, komanso kuyankha akulu ndi mawu ochepa, anali a Mbewe. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Zotsalazo ndinaphunzira kwa iwo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Anali mkulu wa mpingo, wamtali, wosaseka wamba. Mwana anali naye mmodzi, Esinati, msinkhu wanga, amene tinkalishira limodzi mbuzi. Mawu amene ankakonda anali akuti, "Malovu ukalavula sabwerera m'kamwa." Anthu ambiri amanena zotere pofuna kumveka anzeru. Iwo ankanena zimene ankachita.

Chaka china mbuzi zinkalowa m'dimba mwawo n'kumadya nyemba. Iwo poganiza kuti ndi za amalume anga, anaima pabwalo n'kunena mokweza kuti mudzi wonse umve: "Imene ndiipeze m'dimba mawa, ndiizinga." Mawa lake anaipezadi. Inali yawo yomwe, yaikazi, imene inkabereka mapasa chaka ndi chaka. Esinati analira mpaka mawu kutha. Akazi awo, a Nachisale, anagwada n'kunena kuti, "Inu a Mbewe, akusekeni ndani? Si yanu yomwe kodi?" A Mbewe anangondiitana kuti ndigwire miyendo. Nyama anagawira nyumba zonse za pamudzi, ya amalume anga ikulandira mwendo wathunthu, koma eni akewo tsiku limenelo anadyera nkhwani.

Njanji inafika kwathu ine nditakwatira kale. Anthu ake anaunjika dothi lalitali ngati phiri kudutsa chigwa chathu, n'kudula mudzi pawiri. Pansi pa dothilo anasiya ngalande yaikulu ya simenti, yoti ngolo ya ng'ombe n'kudutsamo, mbali ina madzi a kamtsinje, mbali ina njira ya anthu. Tinkaitcha Phanga. Munali mdima ndi fungo la mileme, ndipo sitima ikamadutsa pamwamba mano ankagwedezeka. Esinati atakwatiwa anamanga tsidya linalo, pa malo a amayi ake. Popita kwa abambo ake, kuchigayo kapena kutchalitchi, njira yake inali Phanga.

Kenaka kunabwera matipate. Amene munalipo mukudziwa. Zinthu zonse zinayamba kuswana: zipani, nyuzipepala, nsalu zovala amayi, ngakhale mipingo. Pamsika panafika anyamata a mataye ndi chinkuzamawu, akupemphera mokuwa ndi kuomba m'manja. Nthawi imeneyo a Nachisale anali atatisiya, ndipo Esinati anali ataika mwamuna wake ndi mwana wake wotsiriza m'chilimwe chimodzi. Ife a mpingo tinapita kumaliro, tinaimba, tinabwerera kwathu. Amayi a mpingo watsopanowo ankapita kwa iye tsiku ndi tsiku, kumusinjira ndi kumutungira madzi. Sindiwayamikira mapemphero awo, amandisokosa mpaka lero. Ndikungonena zimene zinachitika. Esinati analowa mpingo wawo.

A Mbewe anamuitanitsa Lamulungu masana, akulu anzawo a mpingo atakhala pakhonde, ine ndili pambali. Esinati anagwada pabwalo.

"Ndamva zoti wapita kumpatuko."

"Ndimapemphera kumeneko, ababa."

"Ubwerera?"

"Mulungu ndi yemweyo, ababa."

A Mbewe anaimirira, n'kugwira chitseko cha nyumba yawo ndi dzanja lonse. "Amve akuluwa. Ine ndikadali moyo, wampatuko sadzalowa pakhomo ili."

Ife tonse tinkawadziwa. Esinati anadzuka, anasasa mawondo, n'kulowera ku Phanga.

Kuyambira pamenepo a Mbewe anayamba kutha. Maso anachita khungu pang'onopang'ono mpaka ankazindikira munthu ndi mawu okha. Mkazi wanga ndiye ankawapatsa chakudya, ine ndinkawawazira nkhuni ndi kuwameta. Koma munthu wa nyumba ina sangakuchapire zonse. M'nyumba mwawo munayamba kumveka fungo la nkhalamba yokhala yokha. Ndinawauza kamodzi kuti, "Bambo, mwana wanu alipo." Anandiyankha kuti, "Laimoni, ndinakuphunzitsa kuyankha, sindinakuphunzitse kufunsa." Ndinasiyira pomwepo.

Dzinja lotsatira mvula inagwa yoopsa. Kamtsinje kathu kanabwera ndi mitengo ndi miyala kuchokera kumapiri, n'kumenya Phanga mpaka khoma lake linang'ambika kuchokera pansi kufika kudenga, mng'alu woti mkono n'kulowamo. Njanji pamwamba pake inatsika pang'ono ngati msana wa ng'ombe yokalamba. Sitima zinaima. Madzi ataphwera kunabwera anthu a njanji ndi kapitawo wawo, munthu wamfupi wa kummwera, wonenepa, wokonda nthabwala. Anayenda m'chigwa ndi zikhomo ndi chingwe, ndipo chingwecho chinakathera m'munda mwa a Mbewe, mmene munali mbatata, pafupi ndi nyumba yawo penipeni. Popeza ine ndinali woyamba kulembedwa ganyu, ndine ndinamuperekeza kukapempha.

"Madala," anatero kapitawo atakhala pa mpando wa ndalema, "Phanga lanu lija ladwala. Kuti tilikonze tiyenera kuchotsa njanji ya pamwamba ndi kufukula dothi. Koma sitima singadikire, feteleza ayenera kukwera, fodya ayenera kutsika. Ndiye tikufuna tiyale njanji ina ya kanthawi, izungulire m'munsimu. Azungu amati dayiveshoni."

"Lankhulani Chichewa."

Kapitawo anakanda m'mutu. "Pa Chichewa, aaa, tingoti mpatuko."

Kapitawo uja sankadziwa kuti waponda njoka.

"Mwati chiyani?"

"Mpatuko, madala. Njanji ipatuke apo, idutse m'munda mwanumu."

"Mpatuko m'munda mwanga?" A Mbewe anafufuza ndodo yawo pansi. "Wakutumani ndani? Anyamata a chinkuzamawu aja? Mwana mwanditengera, tsopano mukufuna ndi mbatata zomwe?"

Kapitawo anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana nkhuku. Koma anali munthu wozolowera nkhalamba. Anati, "Pepani madala, za mwana sindikuzidziwa. Ine ndi wa zitsulo. Mpatuko wathu sukhalitsa. Umachoka pa njanji yeniyeni, n'kukalowanso pa njanji yeniyeni kutsogoloko. Phanga likachira, timauzula wonse."

A Mbewe anafunsa kuti, "Mumauzula?"

"Wonse, madala. Sitisiya ngakhale bawuti."

"Anthu akuona?"

"Masanasana."

Ndinaona pakamwa pawo pakugwedera, ndipo kumeneko kwa iwo kunali kuseka. "Yalani," anatero. "Yalani pafupi ndithu, aliyense aone mmene mpatuko umathera."

Umu ndi mmene munda unaperekedwera. Anauperekera ulaliki.

Ntchito inali yowawa. Tinasalaza mizere ya mbatata, tinathira dothi lofiira n'kulisindira, tinatuta miyala pa mawilibala mpaka zikhatho kuchita matuza, ndipo pa kamtsinje tinayala mapaipi akuluakulu kuti madzi azidutsa pansi. Njanji imodzi tinkainyamula anthu ambiri, kapitawo akuimba nyimbo yotukwana pang'ono kuti mapazi agwirizane. Pamene njanji yatsopano inkachokera pa yakale anaikapo munthu wa mbendera, ndi wina pamene inkalowanso. Sitima ikafika pamenepo inkasiya ukali wake wonse. Inkatsika m'chigwa ikuyenda ngati mkamwini wolowa m'mudzi mwa apongozi, zitsulo zikulira kwiii pokhota, mabogi akugwedera uku ndi uku, fungo la dizilo likulowa mpaka m'nkhokwe, ana akuyenda pambali pake n'kumaipitirira. A Mbewe ankatulutsa mpando n'kukhala pakhonde, akuwerenga mabogi ndi makutu. Akulu anzawo akabwera ankawalozera ndi ndodo: "Mwaona? Ya pa mpatuko siithamanga. Imadziwa kuti pansi sipolimba."

Koma panali chinthu chimene sanachiganizire. Phanga litatsekedwa, anthu a tsidya lija anafunika podutsira pena. Kapitawo anayala matabwa pakati pa njanji ya kanthawiyo kuti pakhale powolokera, ndipo powolokerapo panali kumaso kwa khonde la a Mbewe. Choncho Esinati, amene sanapondepo pabwalo lija chichokereni, anayamba kudutsa pamenepo m'mawa ndi madzulo. Sankapatuka, sankafulumira. Ankaima panjira, katundu ali pamutu, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, ababa?"

Masiku oyamba sankayankha. Kenaka tsiku lina ndili pomwepo anati, "Laimoni, uza wodutsayo kuti kuno tadzuka."

Ndinamuuza, ngakhale anali atamva yekha.

Tsiku lina madzulo kapitawo anabwera kudzapempha moto wa fodya wake, ndipo a Mbewe anamufunsa kuti kumtunda kukuyenda bwanji. Iye anati afukula mpaka pa denga la Phanga, apeza kuti zitsulo za m'kati zinadyeka kalekale, mvula inangomalizitsa. "Kunja kunkaoneka bwino, madala, koma m'kati munali mutaola. Chikhala kuti palibe kanjanji kam'munda mwanuka, sitikanatha kutsegula n'kuona. Tikanangomata pamwamba." A Mbewe anangomufunsa ngati kwawo kummwera amalima mbatata.

Zinachitika m'nyengo yozizira, mphepo ya mwera ikuwomba fumbi lofiira la pantchito mpaka m'maso. Njanji ija inali itadula munda wawo pakati, ndipo mbatata zotsala zinali tsidya lake. A Mbewe sankalola munthu kuwakumbira. Tsikulo dzuwa lili pamutu anatenga kakhasu ndi ndodo, ndipo m'malo mozungulira pa matabwa anadutsa pamene panali njira yawo yakale. Miyala inagumuka pansi pa phazi lawo. Anagwa cham'mbali pakati pa njanji, phazi litapindika, ndipo nthawi yomweyo kumtunda kunalira sitima.

Ndisanamize anthu: imfa panalibe. Wa mbendera anakweza yofiira, ndipo sitima, poti inkayenda ngati kamba, inaima patali ndithu. Chimene chinalipo ndi manyazi. Mkulu wa mpingo ali chigonere pa miyala, akukwawa osatha kudzuka, antchito onse akuyang'ana kuchokera pamtunda, dalaivala atatulutsa mutu pawindo. Ine ndinathamanga ndi piki m'manja, koma ndinapeza wina wafika kale. Esinati ankachokera kuchigayo. Anatula beseni la ufa, anamasula chitenje cha pamwamba, anawatembenuzira msana, n'kuwabereka ngati mwana.

"Ndani ameneyu?" anakuwa a Mbewe, ngakhale ankadziwa.

"Wodutsa, ababa."

"Nditsitse!"

"Ndikutsitsani kunyumba. Gwirani mapewa, mungagwe kawiri."

Dalaivala anaombera m'manja pawindo paja. "Mayi, ameneyo akakula adzakuvutitsani!" Antchito anaseka, ndipo ine ndinawayang'ana mpaka anasiya.

Tinafika pakhonde gulu likutitsata, pakati pake pali akulu awiri a mpingo amene analipo tsiku la mawu aja. Chitseko chinali chotsegula. Esinati anafika pakhomo penipeni, zala za kumapazi zitatsala pang'ono kukhudza pachiundo, n'kuima.

Ndinati, "Bwera nawo kuno, ndiwalowetse ine."

"Ayi, achimwene," anatero osandiyang'ana. "Mwawalowetsa mokwanira. Phazi ili lifuna wolithowa m'mawa ndi madzulo, wowatulutsa panja, wowachapira. Muchita inu? Achita alamu anga? Lero anene okha." Kenaka anatembenuzira mutu kumsana. "Ababa, tafika. Munati wampatuko sadzalowa pakhomo ili. Ine mawu anu sindiwaphwanya. Ndikutsitseni pano padzuwa, kapena titani?"

Kumunsi sitima inali itayambanso kuyenda, mabogi akudutsa m'munda limodzilimodzi. Ndinayang'ana nkhope ya a Mbewe pamwamba pa phewa la mwana wawo. Anali atachepa kwambiri, miyendo ikulendewera ngati mapesi, ndipo dzanja lawo linali litagwira kolala ya bulauzi ya Esinati molimba, osati ngati munthu wofuna kutsika. Ndinadziwa kuti akatinso "nditsitse", Esinati awatsitsadi, ndipo sadzaimanso panjira paja kupereka moni. Anali mwana wa bambo ake.

Bogi lomaliza litadutsa, a Mbewe anati, "Laimoni."

"Wawa."

"Ndamva chitsulo chikugunda pansi. Wanyamula chiyani?"

"Piki, bambo."

"Zungulira kuseri. Pakati pa zenera ndi ngodya ya kumadzulo, boola."

"Ndiboole chiyani?"

"Wagontha? Khomo."

Mmodzi wa akulu aja, a Filimoni, anakonza kukhosi. "A Mbewe, kodi kumeneku si kuzemba mawu anu omwe?"

"Ndinati khomo liti, a Filimoni?"

"Munati ili."

"Mwaona walowapo?"

"Ayi, koma..."

"Ili lili pa ntchito, tikulikonza. Lakuseri ndi la kanthawi. Munthu sangagone panja podikira simenti."

Kapitawo, amene anali atafika akupuma wefuwefu, anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma atatha kuseka anagwira ntchito. Anandiletsa kumenya khoma chisawawa. Anatumiza anyamata kukatenga thabwa lochindikala ndi mitengo iwiri, tinayamba taboola pamwamba n'kulowetsa thabwalo kuti ligwire njerwa za kumtunda, monga momwe ankachirikizira denga la Phanga, kenaka ndinagumula m'munsi mwake. Njerwa zinali zosaotcha, zimene ndinathandiza kuumba ndili mnyamata, ndipo zinkagwa ndi fumbi lonunkhira utsi wa zaka zonse zija. Nthawi yonseyo Esinati sanawatsitse. Mkazi wanga anamubweretsera mtondo, anaugwadika, iye anakhalapo abambo ake ali kumsana, awiriwo akukangana motsitsa mawu za mmene amathowera phazi, iwo akuti madzi otentha, iye akuti ozizira.

Bowo litakula, ndinasesa zibuma. Esinati anazungulira nyumba, anawerama pang'ono kuti mutu wa abambo ake usagunde thabwa, n'kulowa. Tili panja tinamva mawu ake m'katimo: "Kodi bulangete ili linachapidwa liti?" Ndi mawu a iwo: "Usandifunse mafunso m'nyumba mwanga."

Phanga linatha kukonzedwa mvula isanagwe. Njanji ya m'munda anaizuladi masanasana monga ananenera kapitawo, ndipo mudzi wonse unabwera kudzaonerera. A Mbewe anakhala pakhonde, phazi litachira, malaya oyera. Ulaliki uja tinkauyembekezera sanaulalike. Anangofunsa ngati anthuwo atole miyala yawo yonse, poti mbatata simera pa miyala. Sanatole yonse. Yotsalayo anatola Esinati ndi ana ake, n'kuiyala pakhomo lakuseri kuti pasamachite matope.

Esinati sanabwerere kumpingo kwathu, ndipo iwo sanamuuzenso kuti abwerere. Esinati anasamukira m'nyumba muja. Lamulungu m'mawa a Mbewe ankatulukira kumaso, atagwira dzanja la mdzukulu, kulowera kutchalitchi. Esinati ankatulukira kuseri ndi duku lake loyera, kulowera kumsika. Masana ankadyera pamodzi. Pakhomo la kumaso Esinati sanapondepo mpaka tsiku limene tinawatulutsa abambo ake komaliza, patapita madzinja angapo. Ndinawafunsapo kamodzi, ndikuwameta, kuti, "Bambo, khomo lija tinkakonza lija litha liti?" Anati, "Simenti sinabwere. Meta bwino, ukundicheka."

Tsopano nkhalamba ya pamudzi pano ndine. Ana anga ali m'mipingo itatu ndi zipani zimene sindizidziwa mayina, ndipo wina anakwatira kumene ndinamuletsa. Amati ndine wouma mutu. Sindikana. Zimene ndanena ndanena, ndipo sindinayambe ndapepesa kwa mwana amene ndinabereka ndekha. Koma nyumba yanga ndinamanga ya makomo awiri, ndipo lakuseri ndinalamula kalipentala kuti asaikepo loko. Nthawi zina m'mawa ndimamva likutseguka, ndi mapazi amene ndimawadziwa. Sinditembenuka. Ndimangouza mkazi wanga kuti awonjezere madzi a tiyi.